Mayina a ku Usisya

Foni inalira Felista Chikuse ali ndi mswachi m'kamwa. Woimbayo anali wapolisi wa pakauntala.

"Bwana, fulumirani ku Bandawe. A Longwe, aphunzitsi opuma aja, avulazidwa m'mutu. Mapepala onse abedwa."

"Mapepala ati?"

"A mayina aja. Ndipo anthu ayamba kale kusonkhana pagolosale ya Alufeyo. Ena anyamula miyala."

Felista anatumiza apolisi awiri kugolosaleko, iye n'kukwera njinga yamoto. Kwawo kunali ku Ntchisi, ndipo pa Chintheche anali atagwirapo zaka ziwiri ngati wofufuza milandu. Chitonga chinkamudutsabe m'makutu, koma nkhani ya mapepalawo ankaidziwa ngati aliyense. Kwa miyezi itatu a Overtoun Longwe ndi kagulu kawo anayenda m'matchalitchi, m'misika ndi m'madoko kusainitsa anthu. Pempho lawo linali limodzi: malamulo aakulu a dziko asinthidwe, kuti mtsogoleri wa dziko akapalamula mlandu waukulu, monga katangale kapena kupha, aziimbidwa mlandu ali pampando pomwepo, osadikira kuti achoke. Anapeza mayina 1,900. Tsiku lomwelo, 2 koloko masana, nthumwi za aphungu zinali kubwera kudzamva maganizo a anthu ndi kulandira mayinawo.

Nthawi inali itangokwana 7 koloko.

Panyumba anapeza mayi Lyness, akazi a a Longwe, omwe anthu ankawatchula kuti Nyamanda. Anali atakhala pakhonde, m'manja mukununkhabe chinangwa choviika.

"Mwayuka uli, ama?" Felista anayesa moni wa kumeneko.

"Tayuka, mwana wanga, koma mmene mukuoneramu." Ankayankhula Chichewa pang'onopang'ono, ngati akusankha nyemba. "Ndinachoka kusanache bwino kupita kudambo kukavuula chinangwa. Iwo ndinawasiya patebulo akuwerenga. Pobwera ndawapeza ali pansi, magazi mpaka m'khutu. Ndakuwa. Dumisani, mwana wathu, wabwera akuthamanga kuchokera kukanyumba kake kuseriku. Ndiye wawatengera kuchipatala."

"Dzina la Alufeyo walitchula ndani?"

"Dumisani. Koma nanga alipo wina? Alufeyo uja anaima pamsika n'kunena kuti mapepala athu adzawiritsira tiyi."

M'nyumba, bokosi lachitsulo linali lotsegula, mulibe kanthu. Felista anagwada. Loko sanathyoledwe. Anali lende pachingwinjiri chake, kiyi ali momwemo, ndipo kiyiyo anali pa kachingwe kakuda kosaduka.

"Kiyiyu amakhala kuti, ama?"

"M'khosi mwawo. Ngakhale posamba sachotsa."

Pangodya ya tebulo panali magazi ouma ndi timaimvi tingapo titamatirira. Pamwamba pake panali magalasi owerengera, atawayika bwinobwino pa buku lakale lotsegula, la mapepala achikasu. Felista analitembenuza. Linali kaundula wa ana a sukulu: Sitandade 6, Usisya, 1987.

"Anaphunzitsako zaka zisanu ndi ziwiri tisanabwerere kuno," anatero Nyamanda ali pakhomo. "Dzulo lonse amalifunafuna bukulo. Anati, 'Nyamanda, mayina a ku Usisyawa ndikuwadziwa kwambiri.' Ine ndinati, nanga si bwino? Anangopitiriza kufunafuna."

"Ku Usisya anapitako ndani kukasainitsa?"

"Dumisani. Masiku atatu, pa boti la Jairos. Anabweretsa mayina 312. Bambo ake anamunyadira pamaso pa mpingo wonse."

Felista anafunsa ngati panali wina yemwe anajambula mapepalawo. Analipo: mlembi wa kaguluko, namwino wina dzina lake Lusizi. Anamuimbira pomwepo kuti atumize zithunzi za masamba a ku Usisya. Kenako anayang'ananso kiyi uja. Wakuba sapempha munthu kuti avule kachingwe m'khosi mwaulemu.

Bokosilo a Longwe anatsegula okha.

* * *

Pagolosale ya Alufeyo panali anthu oposa zana. Zitseko zinali zotseka, apolisi awiri aja ataima kutsogolo kwake thukuta lili kamukamu ngakhale kunali mphepo ya Julaye. Kutsogolo kwa gululo kunali mwamuna wa zaka ngati makumi atatu, malaya ake oyera ali ndi magazi pachifuwa.

"Ndinu a Dumisani?"

"Ndine. Magazi awa ndi a bambo anga, bwana. Munthu wa zaka 74! Inu mwabwera kudzateteza chigawenga?"

"Mwamuona Alufeyo kwanu m'mawa uno?"

"Ndaona munthu akuthawira m'chinangwa. Msinkhu wake womwewo."

"Atanyamula chiyani?"

Dumisani anaphethira. "Chikwama. Kapena thumba. Ndinali kutali."

"Simunamuthamangitse?"

"Ndisiye bambo anga akufa?"

Anthu anavomereza ndi phokoso. Felista anamusiya, n'kuzungulira kukhomo lakuseri.

Alufeyo anali atabisala pakati pa makatoni a sopo. Anali munthu wamimba, wa mawu aakulu, yemwe pa misonkhano ya chipani chake ndiye ankagwira chimkuzamawu. Ngakhale lero mawuwo sanachepe.

"Madamu, ine ndine munthu wa mfundo! Ndinanena, inde, ndipo ndibwerezanso. Pulezidenti ndi bambo wa dziko. Mukalola kuti aliyense wodzuka ndi mkwiyo azimukokera kukhoti, adzalamulira nthawi yanji? Adzakhala pa benchi ya khoti zaka zisanu! Amenewo ndi maganizo anga, ndipo ndimati ndikawanene 2 koloko pamaso pa aphungu. Koma kumenya ada Longwe? Munthu amene anandiphunzitsa kulemba dzina langa?"

"Munali kuti m'ma 6 koloko?"

"Kumanda! Ku Kande! Tambala woyamba ine khasu lili m'manja, kukumba manda a apongozi a mchimwene wanga. Taonani." Anatambasula miyendo. Buluku lake linali ndi dothi lofiira mpaka m'mawondo. "Tinalipo amuna khumi ndi awiri. Ndangofika kuno kudzatenga shuga wa pamaliro, basi ndamva miyala padenga."

Felista anaimbira mkulu wa mpingo wa ku Kande. Anatsimikiza: Alufeyo anachoka kumanda itadutsa 7 koloko, ndipo nthawi yonseyo pakamwa sipanatsekeke.

"Ndiye tsegulani chitseko muwauze!" anatero Alufeyo.

"Sangandimvere. Akufuna dzina. Ndikachotsa lanu ndiyenera kuwapatsa lina."

"Mkazi wanga yemwe anasaina mapepalawo, madamu! Ndikabe dzina la mkazi wanga?" Anapukuta nkhope ndi chipewa, kenako anatsitsa mawu. "Koma poti mwafunsa, funsani ichi. Sabata imene Dumisani akuti anapita ku Usisya ija, mwera unaomba masiku asanu ndi limodzi. Usipa unasowa pamsika, ine ndinagulitsa soya yense m'shopu muno. Boti lake liti linadutsa pamenepo?"

Mwala waukulu unagwa padenga. Malata analira ngati mfuti.

* * *

Jairos anamupeza padoko, atakhala pamchenga pansi pa mtengo, akusoka ukonde. Boti lake lalitali, lonyamula ufa ndi simenti kupita kumidzi ya kumpoto, linali pamtunda, litatsamira pa zipika. Kumbuyo kwake, pamene pamakhala injini, panali thabwa lokha.

"Injini ili kuti, ada?"

"Kwa makaniki."

"Kuyambira liti?"

"Mwezi."

Sanakweze mutu. Chingwe chinkangolowa ndi kutuluka.

"Dumisani Longwe akuti munamutengera ku Usisya masabata awiri apitawa."

"Akutero?"

"Inuyo mukuti bwanji?"

Jairos analuma chingwe n'kulavula. "Ine sindinena za ana a eni."

"Ku golosale kuja akufuna kuotcha munthu, ada. Akapsa, inu mudzakhala mukusokabe ukondewu?"

Dzanja linaima.

"Anabwera," anatero Jairos. "Anati, akakufunsani adada, muziti tinapita. Ine ndinati sindinama, koma sindiyambitsanso nkhani. Mawa lake ndinamuona pamsewu akukwera minibasi. Ya ku Mzuzu."

Foni ya Felista inanjenjemera. Zithunzi za Lusizi zinali zitayamba kulowa, chimodzichimodzi, netiweki ikukoka miyendo. Anakulitsa tsamba loyamba. Kenako anatulutsa kaundula uja m'chikwama, n'kumutsegula pabondo.

Pachithunzi: Banda Queen. M'kaundula: Banda Queen. Wachiwiri, Chirwa Nathan. Chirwa Nathan. Wachitatu, wachinayi, mpaka pansi pa tsamba, osaphonya ndi mmodzi yemwe. Masaini anali osiyanasiyana, ena opendekera uku, ena uko, koma cholembera chinali chimodzi. Anthu a padoko saima pamzere motsatira ABC.

"Kwanu ndi ku Usisya, eti ada?"

"Ndinabadwira konko."

"Nathan Chirwa mukumudziwa?"

Apa Jairos anamuyang'ana koyamba. "Tinali kalasi imodzi. Anamira 2003. Ndinamuvuula ndine."

"Wasaina pano. Pa 9 Julaye chaka chino."

Jairos anatenga foniyo ndi manja awiri, n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaibweza.

"Nathan sankatha kulemba bwino chonchi," anatero.

Foni inaliranso. Anali mmodzi wa apolisi a kugolosale. "Bwana, abweretsa chigubu cha petulo. Tikuwakankha, koma sitikhalitsa."

Inali 11 koloko.

* * *

Kuchipatala, namwino Lusizi anamulondolera kuchipinda chakumapeto. "Tawasoka malo asanu ndi amodzi," ananong'ona. "Bala lili kunkhongo, lakuya pakati ngati anagwera pa chinthu cha ngodya. Si chikwanje chimenecho."

A Longwe anali atakhala tsonga pabedi, mutu uli m'bandeji, jekete atavala kale. Anali munthu wowonda, wowongoka msana, woyankhula ngati akadali kutsogolo kwa kalasi.

"Mwabwera kudzatenga sitetimenti, mayi. Ndi yaifupi. Ndinali kuwerenga. Munthu anandidzera kumbuyo. Sindinamuone."

"Anakuvulani kiyi m'khosi?"

"Mwina. Ndinakomoka."

"Magalasi anu munawavula n'kuwaika bwinobwino pabuku. Munthu amavula magalasi owerengera akafuna kuyang'ana wina kumaso, ada. Munaimirira, munayankhula naye, anakukankhani, munagwera patebulo." Felista anaika kaundula pabedi, pambali pake foni. "Nathan Chirwa anamira 2003."

A Longwe sanayang'ane foniyo. Anayang'ana khoma.

"Anali mwana wanzeru pa masamu," anatero potsiriza. "Queen Banda anamwalira pobereka. Asanu ndi atatu m'kalasi imeneyo ndinapita kumaliro awo. Dzulo ndikuwerenga mayina, ndinangomva ngati ndikuitana kaundula m'mawa. Enawo anawatenga m'mabuku a zaka zina, onse ali m'kabati mwanga." Anatembenukira kwa Felista. "Iyi ndi nkhani ya m'nyumba mwanga, mayi. Wovulala ndine. Sindikudandaula. Itsekeni."

"Alufeyo ali m'golosale, panja pali petulo."

"Muwabalalitse. Ndi ntchito yanu."

"Amene akuwatsogolera wavala magazi anu pachifuwa. Ine wa ku Ntchisi andimvera?"

"Ndi mwana wanga yekhayo wamwamuna!" Mawuwo anatuluka mokweza, mpaka odwala a chipinda china anasuzumira. "Mukudziwa chimene ndende imachita kwa munthu? Ndipo aphungu akamva kuti mayina 312 ndi abodza, adzati onse 1,900 ndi abodza. Miyezi itatu ya anthu osauka oyenda pansi. Lamulo limeneli ndi lalikulu kuposa mutu wanga. Kodi sizingadikire mpaka alendowo atapita? Mawa lokha, mayi. Mawa."

Felista anakhala pampando wa pambali pa bedi. Anali atatopa, ndipo munthuyo ankamumvera chisoni.

"Ada, ine wapolisi sindisaina mapepala otere. Koma tsiku lija pamsika ndinaima kumbuyo, ndinamva zimene munayankha Alufeyo. Iye ankati mlandu wa mtsogoleri uzidikira mpaka atachoka pampando, poopa kusokoneza ntchito yaikulu. Inu munati chiyani?"

A Longwe anatseka maso.

Chitseko chinatseguka. Anali Nyamanda, thukuta lili chuchuchu, atasenza mtolo wokulunga m'chitenje. Anautula pabedi, pamiyendo ya amuna awo, n'kumasula mfundo. Anali mapepala, mitolo isanu ndi umodzi yomanga ndi mphira, yonse yoyera ndi fumbi la makaka.

"Ndimati nditenge thumba la makaka m'kanyumba ka Dumisani ndipite kuchigayo," anatero. "Anali pansi pake." Anayang'ana amuna awo, osati wapolisi. "Ada, munadziwa. Munandisiya ndikutukwana mwana wa eni pakhonde panga, inu mukudziwa."

* * *

Anafika pagolosale itatsala pang'ono 1 koloko, pa galimoto ya m'busa wina yemwe anapezeka kuchipatalako. Fungo la petulo linawalandira asanatsike. Chitseko chinali chonyowa, ndipo wapolisi mmodzi anali atagwira dzanja la munthu wa machesi.

Anthu ataona bandeji, phokoso linatsika lokha. A Longwe anayenda pang'onopang'ono, Felista atawagwira mkono, mpaka anaima pachitseko chonyowacho, msana atatsamira pomwepo.

Dumisani anathamangira kutsogolo. "Adada, mwadzukiranji? Tiyeni mubwerere, izi tithana nazo ife."

Kenako anaona mtolo uli m'manja mwa mayi ake, n'kuima.

A Longwe anayankhula m'Chitonga poyamba. Felista anangotolapo mawu ochepa, koma anaona nkhope zikusintha, miyala ikugwa pansi umodziumodzi. Kenako anabwereza m'Chichewa, kuti amalonda obwera ndi apolisi amve.

"Alufeyo sanandikhudze. Timatsutsana, ndipo titsutsanabe 2 koloko. Mapepala ndi awa. Mayina a ku Usisya ndi abodza, ndipo ndiwachotsa pamaso panu." Anasolola mtolo umodzi n'kuupereka kwa Felista. "Atsala 1,588. Amenewo ndi anu, munalemba ndi manja anu. Tikawauza aphungu zonse, ndipo akafuna kutiseka atiseke."

"Nanga wakumenyani ndani?" wina anakuwa kumbuyo.

Anthu omwe anaima pafupi ndi Dumisani anayamba kusuntha, mpaka anatsala yekha pakati pa bwalo. Felista anapita msanga n'kuima pambali pake, kuti wina asaganize zotola mwala kachiwiri.

"Ndinapita ku Mzuzu kukapangitsa pasipoti," anatero Dumisani, mawu ali pansi, akuyang'ana nsapato za bambo ake. "Anzanga onse ali ku Joni, adada. Ine zaka makumi atatu ndikungonyamula chikwama chanu. Ndikanakuuzani mukanakana, monga munakanira kawiri konse. Ndinati ndilembe mayinawo, ndani adzawerenge? M'mawa muja munati mukanena pamaso pa anthu onse. Ndimangofuna kulanda mapepalawo. Sindinafune kuti mugwe."

"Zimenezo ndikanakukhululukira tisanafike n'kuchipatala komwe," anatero a Longwe. "Koma unatchula dzina la munthu wosalakwa, n'kumubweretsera moto pano."

Chitseko chinatseguka pang'ono kumbuyo kwawo. Alufeyo anasuzumira, nkhope ili mbuu. Anayang'ana chigubu, anayang'ana Dumisani. Analowanso, n'kutuluka ndi mpando wapulasitiki, n'kuuika kumbuyo kwa a Longwe.

"Khalani pansi, aphunzitsi," anatero. "Mungagwe."

Apolisi awiri aja anamutenga Dumisani. Sanalimbane nawo. Nyamanda anatenga chitenje chomwe anakulungira mapepala chija n'kumufunditsa paphewa kuti magazi asaoneke, kenako anawatsatira chapatali, osalira.

Kumsewu kunadutsa galimoto ziwiri zoyera za nthumwi za aphungu, zolowera kuholo ya msonkhano. Anthu anayamba kuzitsatira m'timagulu, akunong'onezana. Felista anayang'ana wotchi: mphindi makumi awiri kuti ikwane 2 koloko.

"Pitani, ada," anatero. "Sitetimenti tidzalemba mukatuluka."

"Ayi. Ndikalowa m'holo muja ndisanalembe, potuluka ndidzakhala nditapeza chifukwa china." Anaika mapepala pamiyendo, n'kuwapsinja ndi manja onse awiri. "Tulutsani buku lanu."

Felista anagwada pambali pa mpandowo, n'kutsegula kabuku kake pabondo.

"Dzina la amene anakuvulazani?"

"Dumisani Longwe."

Cholembera chinayenda. A Longwe anaweramira kuti aone ngati walemba bwino.

"Longwe," anabwereza. "Ngati ine."